Kuzimitsa Puppy ya pa flash msanga popanda kusunga zosintha

Funso

Ndimagwira ntchito pamalo osindikizira ndi kukopera mapepala ku Ndirande, ndipo nthawi zina ndimaitanidwa kukakonza makompyuta a anthu ku Limbe ndi m'tauni. Ndili ndi flash ya 16GB yomwe ndinaikamo Puppy Linux, pulogalamu yaing'ono yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ya mtundu wa FossaPup64, ndipo ndimayatsira kompyuta pa flash imeneyi chifukwa ma flash a makasitomala amabwera ndi mavayirasi. Vuto langa lili pozimitsa. Imayamba yalemba kuti ikusunga, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali, pamene magetsi azima UPS (batire la kompyuta) ikulira, kapena ine ndikuthamangira minibasi. Komanso zomwe ikusungazo sindizifuna, ndi zinyalala za tsikulo basi, ndipo fayilo yosungira yayamba kudzaza. Mnzanga akuti ndizingodina batani la magetsi osalisiya mpaka izime, kapena ndizingozula flash. Kodi pali njira yozimitsira msanga popanda kusunga kalikonse, koma osawononga flash yanga?

Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre

Yankho

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatsatire malangizo a mnzanuwo. Njira ilipo ndipo si yovuta, koma siili pa batani la magetsi. Zoti kompyuta isasunge zosintha za tsikulo zimakonzedwa nthawi yozimitsa isanakwane: mumakonzeratu kamodzi m'kati mwa Puppy, kapena mumasankha poyatsa. Mukatero kuzimitsa kumafulumira kokha, chifukwa sipakhalanso choti chilembedwe pa flash. Batani la magetsi sililetsa kusunga. Mukalidina masekondi 4 kapena kuposerapo limangodula moto Puppy osauzidwa, ndipo likapeza kompyuta ili m'kati molemba, zolembazo zimatsala theka. Masiku ambiri palibe choipa chimachitika, n'chifukwa chake anthu amalikhulupirira. Koma tsiku lomwe zidzavute, sizidzawonongeka zinyalala zomwe simukuzifunazo ayi. Idzawonongeka fayilo yosungira yonse, pamodzi ndi pulinta yomwe munavutika kuilumikiza ndi mapulogalamu omwe munathera bandulo powapanga dawunilodi.

Puppy anaiyambitsa ndi Barry Kauler wa ku Australia mu 2003, ndipo kuyambira pachiyambi ankafuna kuti ikhale yaing'ono moti n'kumagwira ntchito ili yonse mu RAM, malo a m'kompyuta osunga zinthu pokhapokha ili choyaka. Mukatsegula flash yanu muona fayilo yaikulu ya dzina lothera ndi .sfs. Pa FossaPup64 9.5, yomwe inatuluka mu 2020, dzina lake ndi puppy_fossapup64_9.5.sfs. M'menemo ndi momwe muli Puppy yeniyeniyo, yopanikizidwa, ndipo fayiloyi imangowerengedwa, simulembedwa kanthu. Chilichonse chomwe mwasintha, kaya mwaika password ya Wi-Fi, kaya mwasintha chithunzi cha pa sikirini, kaya browser yatola zithunzi za pa Facebook, chimapita pamalo ena omwe amayalidwa pamwamba pa .sfs ija. Nkhani yanu yonse yagona pa malo amenewa: ali mu RAM kapena ali pa flash?

Puppy imakuuzani yokha. Tsegulani terminal, kawindo kolembamo malamulo, lembani cat /etc/rc.d/PUPSTATE, ndipo yang'anani mzere wa PUPMODE. Manambala okukhudzani ndi 5, 12 ndi 13. Tiyerekeze kuti RAM ndi bolodi la m'kalasi, pomwe fayilo yosungira ndi kope. Pa 5 kope kulibe, zonse zalembedwa ndi choko pa bolodi, ndipo moto ukangoduka bolodi lafufutika. Umu ndi mmene Puppy imakhalira tsiku loyamba, musanapange fayilo yosungira. Pa 12 bolodi siligwira ntchito, chilichonse chimalembedwa ndi bolopeni m'kope nthawi yomweyo. Pa 13 zonse zimayamba zalembedwa pa bolodi, kenaka mphindi 30 zilizonse, komanso pozimitsa, zimakoperedwa m'kope. Kudikira komwe kumakusowetsani mtendereko ndi kukopera kumeneku.

Mukaona 12, dziwani kuti palibe njira yozimitsira popanda kusunga, chifukwa zosinthazo zinalowa kale m'fayilo yosungira pa nthawi yomwe munkazichita. Ndipo pa 12 m'pamene kudula moto kumaopsa kwambiri, popeza fayiloyo imakhala ikulembedwa pafupifupi nthawi zonse. Koma poti mwanena kuti yanu imaima n'kulemba kuti ikusunga, muyenera kuti muli pa 13, ndipo ndi pabwino. Njira ya 13 anaipangira ma flash: timagawo ta m'kati mwa flash timatha mphamvu tikamalembedwa mobwerezabwereza, komanso flash imachedwa polemba kuposa powerenga, ndiye anaona kuti ndi bwino kuunjika zosintha mu RAM n'kumazitsitsa mwa apo ndi apo. Chomwe chimauza Puppy kuti itenge 12 kapena 13 ndi mawu a pmedia m'fayilo yoyatsira, yomwe imakhala grub.cfg, menu.lst kapena syslinux.cfg malinga ndi mmene flash inakonzedwera. Pakalembedwa pmedia=usbflash mumapeza 13. Pakalembedwa usbhd kapena atahd mumapeza 12. Ngakhale omwe anaika Puppy pa hard disk amatha kulemba pmedia=ataflash kuti apeze 13, ndipo ine ndimalimbikitsa zimenezi kwa aliyense wogwira ntchito kudera komwe magetsi amazimazima.

Tsopano chokonza chenicheni. Pitani pa Menu, System, kenaka Puppy Event Manager, mutsegule tsamba la Save Session. Mupezapo kabokosi kolembedwa 30, zomwe ndi mphindi zodutsa Puppy isanakopere za mu RAM kupita pa flash. Fufutani 30 mulembepo 0, kuti isamasunge yokha ngakhale kamodzi ntchito ili m'kati. Anthu ambiri amalekera pamenepa, n'kumadabwa kuti pozimitsa ikusungabe. Ziro uja amangoletsa kusunga kwa pa mphindi 30. Kusunga kwa pozimitsa kuli ndi kabokosi kakekake patsamba lomwelo, konena kuti izikufunsani kaye ngati mukufuna kusunga. Chongani kameneko. Zonse ziwiri zimalembedwa m'fayilo ya /etc/eventmanager, pa mizere ya RAMSAVEINTERVAL ndi ASKTOSAVE, ndipo mutha kukaziona ndi maso anu. Kuyambira pamenepo, mukasankha kuzimitsa pazibwera funso, inu n'kuyankha kuti ayi, kompyuta n'kuzima m'masekondi ochepa. Funsolo muziliyankha ndithu. Musamadine pozimitsira n'kutembenuka kukatseka mawindo, chifukwa mukatero mwasiyira makina kuti akusankhireni.

Pali msampha umodzi apa womwe umagwira pafupifupi aliyense. Zomwe mwangokonzazi nazonso ndi zosintha, ndipo padakali pano zili mu RAM. Mukazimitsa osasunga, mawa mupeza 30 uja wabwerera pamalo pake. Ndiye mukangomaliza kukonza, dinani chizindikiro cha Save chomwe chili pa desktop, mudikire mpaka imalize. Kuyambira lero chizindikiro chimenechi ndicho chizilowetsa zinthu m'fayilo yanu yosungira, ndipo muchisamale, chifukwa sichisankha. Chimatenga zonse zomwe zasintha chiyatsireni kompyuta, zabwino ndi zinyalala zomwe. Mukafuna kusintha chinthu chokhalitsa, monga kulumikiza pulinta yatsopano kudzera pa CUPS, pulogalamu yoyendetsa mapulinta, chitani m'mawa mutangoyatsa, kasitomala woyamba asanalowe, browser musanaitsegule. Konzani, yesani kusindikiza tsamba limodzi, dinani Save, basi. Mukadina Save 4 koloko madzulo, mwasunga ma CV a anthu, zithunzi za ukwati, ndi timafayilo tambirimbiri ta browser. Timafayilo timeneti ndi tomwe timachedwetsa kwambiri: flash imalemba filimu imodzi yaikulu mwachangu kuposa tizidutswa masauzande tolemera chimodzimodzi.

Kukana kusunga kuli ndi malire ake, ndipo apa m'pamene anthu amalirira. Kumangotaya zomwe zili m'kati mwa Puppy, monga za mu /root, /etc ndi /usr. Chilichonse choyamba ndi /mnt chili kunja. /mnt/home ndi partition (chigawo cha disk) yomwe pali fayilo yanu yosungira, /mnt/sda2 ikhoza kukhala hard disk ya mwini kompyuta, /mnt/sdc1 ikhoza kukhala flash ya kasitomala. Zolembedwa kumeneko zalembedwa, zofufutidwa kumeneko zapita, ndipo Puppy imakuikani pa root, kutanthauza kuti palibe chokugwirani dzanja. Mukafufuta molakwitsa foda ya zithunzi pa laputopu ya munthu ku Limbe, kuzimitsa osasunga sikuibweza.

Mbali inayo ndi yowawa chimodzimodzi. Mtsikana wakhala nanu ola lathunthu mukumutayipira kalata yofunsira ntchito. Mwakonza adiresi, mwasintha dzina la sukulu kawiri, mwadina Save ya mu AbiWord, pulogalamu yotayipira, kalata yagwera mu /root/my-documents. M'maso mwanu yasungidwa, koma ili mu RAM. Madzulo mwayankha kuti ayi. M'mawa mtsikana wabwera kuti mungosintha deti musindikize ina, kalata kulibe. Choncho pangani foda imodzi pa /mnt/home ya ntchito zoyenera kugona, ndipo muzolowere kuti chikalata cha munthu chimapita kumeneko kapena pa flash yake, osati mu /root. Zinthu zazikulu, monga mafayilo a ISO ndi mavidiyo, nazonso zizipita kumeneko, chifukwa mukalemba 0 muja zonse za tsikulo zimaunjikana mu RAM. Pa kompyuta ya RAM ya 2GB, vidiyo imodzi ya chinkhoswe yokoperedwa mu /root ikhoza kuumitsa makina onse. Lamulo la free -m limakuonetsani yomwe yatsala.

Chenjezo lina laling'ono: pa mitundu ina ya Puppy, Package Manager ikamaika pulogalamu pa 13 imalemba molunjika m'fayilo yosungira, osadutsa mu RAM. Ndiye musaganize kuti mukhoza kuyesa pulogalamu iliyonse n'kuichotsa pongokana kusunga. Ngati mukufuna kuyesa popanda chotsalira, gwiritsani ntchito njira yachiwiri iyi.

Njira yachiwiri ndi pfix=ram, ndipo ndi yosiyana ndi yoyamba ija. Yoyamba imatsegula fayilo yanu yosungira, inu n'kupeza Wi-Fi, pulinta ndi mapulogalamu anu zili m'malo, koma salembamo kanthu pokhapokha mutalola. Ya pfix=ram siitsegula n'komwe. Puppy imadzuka ngati yatsopano, pa 5, osadziwa kuti pa flash pali fayilo yosungira. Kuti muiyese kamodzi, pa menu yoyatsira dinani e ngati ndi GRUB, kapena Tab ngati ndi syslinux, mupite kumapeto kwa mzere womwe pali vmlinuz, muwonjezere pfix=ram. Pa GRUB2 mumapitiriza ndi Ctrl+X kapena F10, pa Grub4Dos ndi b. Kuti ikhale yokhazikika, tsegulani fayilo yoyatsira ija, kopani ndime yonse yomwe mumayatsira masiku onse, muimate pansi pake, muipatse dzina lina, n'kuwonjezera pfix=ram. Ngati pali kale pfix=fsck, musalembe pfix kawiri; zimalumikizidwa ndi koma, monga pfix=fsck,ram. Ine ndimaona kuti iyi ndiyo yoyenera masiku omwe mwaitanidwa kukakonza kompyuta ya munthu. Fayilo yanu yosungira inazolowera sikirini ndi network za makina a ku Ndirande, ndipo pa makina achilendo nthawi zina imabweretsa sikirini yakuda. Komanso ma password anu sakhala otseguka pa kompyuta yomwe simukuidziwa. Pamalo panu pa ntchito, pomwe pulinta imafunika mphindi iliyonse, khalani pa 13.

Pozimitsa muli pa pfix=ram, Puppy iganiza kuti ndi tsiku lanu loyamba, ndiye ikufunsani ngati mukufuna kupanga fayilo yosungira. Kanani. Mukavomera mukhala ndi ziwiri, ndipo poyatsa paliponse izikuimitsani kuti musankhe.

Tibwere ku liwiro lenileni. Lamulo la wmpoweroff mu terminal limachita zofanana ndi kudina pa Menu: limatseka desktop, kenaka /etc/rc.d/rc.shutdown imatseka mapulogalamu, imasunga ngati mwalola, imamasula ma disk onse, n'kudula moto. Popanda chosunga, zonsezi ndi masekondi ochepa, ndipo kwa anthu ambiri n'zokwanira. Ndikanakonda muyambe mwakhala nayo njira imeneyi sabata imodzi musanafune yoposa apa. Koma ilipo ina yodumpha zonsezi. Lamulo la busybox poweroff -f limauza kernel, phata la Linux, kuti izimitse makina pomwepo, rc.shutdown osaitanidwa, choncho palibe funso ndipo palibe kusunga. Kusiyana kwake ndi batani la magetsi n'kwakuti limayamba latsitsira pa disk zolemba zomwe zinali pamzere, pokhapokha mutawonjezera -n, chomwe simuyenera kuchita. Chofooka chake n'chakuti silimasula ma disk. Fayilo yosungira, ngakhale simukuilembamo, imakhala yotsegulidwa, ndipo imatsala ndi chizindikiro choti sinatsekedwe bwino.

Chofooka chimenechi chimatha ndi thandizo la kernel ya Linux yomwe, yomwe ili ndi malamulo a pangozi otchedwa SysRq. Chilembo s chimatsitsira zonse pa disk, u chimasandutsa ma disk onse kukhala ongowerengedwa, o chimazimitsa. Yambani mwalemba ls /proc/sysrq-trigger kuti muone ngati kernel yanu ili nazo. Ngati ilipo, tsegulani Geany, pulogalamu yolembera, mulembe mizere iyi:

#!/bin/sh
sync
echo s > /proc/sysrq-trigger
sleep 2
echo u > /proc/sysrq-trigger
sleep 2
echo o > /proc/sysrq-trigger
sleep 2
busybox poweroff -f

Isungeni mu /root/my-applications/bin ndi dzina loti zima, kenaka lembani chmod +x /root/my-applications/bin/zima. Foda imeneyi Puppy imaidziwa kale, ndiye kulemba zima mu terminal n'kokwanira. Mzere womaliza ndi wongoyembekezera, ngati o walephera pa makina ena. Mutha kuikokanso fayiloyi kuchoka mu ROX-Filer, kawindo koonetsa mafoda, n'kuiponya pa desktop kuti ikhale chizindikiro. Kenaka dinani Save kamodzi, apo ayi mawa simuipeza.

Ndikupatsani chida chimenechi ndi mitima iwiri, chifukwa chilibe chifundo. Sichifunsa. Chikalata chomwe chili chotsegula mu AbiWord chimapita osatsanzika. Pa desktop ya Puppy zinthu zimatseguka ndi kudina kamodzi kokha, ndiye musachiike pafupi ndi Save kapena pomwe mwana wa kasitomala angafikepo ndi mouse. Musachigwiritse ntchito pa 12, kulibe phindu. Musachigwiritse ntchito mutangodina Save isanamalize, kapena mphindi 30 zija musanazisandutse 0, chifukwa mukhoza kudula kukopera pakati, m'fayilo yosungira n'kutsala mafayilo ena atsopano ena akale, ena oduka. Ndipo ngati mwatsegula partition ya Windows, imasuleni kaye ndi dzanja. NTFS pa Puppy imayendetsedwa ndi pulogalamu ya ntfs-3g, yomwe imafuna kutsekedwa mwadongosolo, ndipo si bwino kubwezera munthu laputopu yoti poyatsa iyambe ndi kufufuza disk.

Kunena zoona, flash yomwe ili pangozi kwambiri pa ntchito yanu si yanuyo ayi, ndi ya kasitomala. Linux ikauzidwa kukopera fayilo siithamangira kulemba pa flash. Imayamba yaisunga mu RAM, ndipo ikhoza kudikira mpaka masekondi 30 isanayambe kuitsitsa. Bambo abwera ndi mafomu oti muwajambule pa scanner. Mwawajambula, mwakokera mafayilo pa flash yawo, kawindo kokopera katsekeka, iwo atambasula kale dzanja chifukwa akufuna akafike ku Chichiri ofesi isanatsekedwe. Kanyali kofiira ka pa flash kakuphethirabe. Mukazula pamenepo, kapena mukadina batani la magetsi pamenepo, akafika kumeneko apeza dzina la fayilo lilipo koma kukula kwake ndi 0. Ma flash ambiri amakhala a FAT32 kapena exFAT, zomwe zilibe kaundula wothandiza kukonza zolemba zodukira panjira, ndiye nthawi zina pamawonongeka foda yonse, osati fayilo imodzi yokha. Ma flash otsika mtengo ena amafa kumene moto ukaduka ali m'kati molemba, kompyuta osawaonanso. Choncho UPS ikayamba kulira, musayambire kuzimitsa. Sungani chikalata chomwe chili pa sikirini pa flash ya mwini wake, masulani flash imeneyo ndi Pmount kapena ndi umount /mnt/sdc1, mudikire kanyali kasiye kuphethira, muwapatse m'manja, kenaka zimitsani. Zonsezi sizikwana mphindi imodzi, ndipo ngakhale UPS yotopa nthawi zambiri imapirira mphindi imodzi.

Za kuzula flash yoyatsira, mwina mnzanuyo anamva za Tails, Linux inanso yoyatsira pa flash. Imeneyo inatuluka koyamba mu 2009, ndi yomangidwa pa Debian, intaneti yake yonse imadutsa pa Tor, njira yobisa komwe munthu ali, ndipo anaipanga dala kuti iziiwala zonse. Mukazula flash yake ikugwira ntchito, imazindikira, imazima mwachangu n'kufufuta za mu RAM. Koma ngakhale eni akewo amachenjeza kuti njira imeneyi ndi ya pangozi pokha, chifukwa ikhoza kuwononga malo osungira zokhalitsa omwe amawatcha Persistent Storage. Puppy ilibe mlonda wotero. Pa 13, mukazula flash mwachotsa fayilo yosungira ili yotsegula, ndipo makina angouma kapena ayamba kulephera chimodzichimodzi. Nthawi yokhayo yomwe mungaichotse bwino ndi pamene mwayatsa ndi pfix=ram,copy pa makina a RAM yokwanira, kuti .sfs yonse ikoperedwe mu RAM, ndipo lamulo la mount likuonetsa kuti partition ya flash yamasulidwa. Zimenezi zimathandiza pa laputopu ya mabowo awiri okha a USB. Ma Linux ena onyamulika ali ndi njira zawo zofanana ndi 13: Porteus ili ndi changes=EXIT, ndipo antiX ndi MX Linux zimatha kukufunsani pozimitsa.

Pali chifukwa china chomwe ndakondwera nalo funso lanu. M'manja mwanu mumadutsa ziphaso za unzika, makalata a kubanki, zotsatira za kuchipatala, masatifiketi a MSCE. Anthu amakupatsani zimenezi chifukwa alibe pulinta kunyumba, osati kuti akufuna muzisunge. Flash yosunga chilichonse, yoyenda m'thumba la thalauza pa minibasi ya Ndirande kupita ku Limbe, ikagwa imagwa ndi zinsinsi za anthu ambiri. Kompyuta yomwe imaiwala madzulo aliwonse imawateteza anthu amenewa. Ingodziwani kuti Puppy ikapeza partition ya swap ya Linux pa hard disk, malo othandizira RAM ikadzaza, imatha kuigwiritsa ntchito yokha, ndipo zina za mu RAM zikhoza kutayikira kumeneko. Lamulo la cat /proc/swaps likuonetsani. Mukaona dzina ngati /dev/sda5 pa makina a eni, lembani swapoff /dev/sda5 musanayambe ntchito.

Yatsala fayilo yanu yomwe yayamba kudzazayo. Musanaikhudze, yatsani ndi pfix=ram, tsegulani flash, mukope fayilo ya dzina loyamba ndi fossapup64save n'kuiika pa disk ina. Iyenera kukopedwa isakugwira ntchito, n'chifukwa chake pfix=ram. Kenaka yatsani monga mwa masiku onse, yeretsani cache ya browser, chotsani za mu Downloads ndi zikalata za anthu zomwe zinatsalira, n'kudina Save. Zofufutazo zifufutikanso m'fayilomo, malo n'kubwerera. Yang'ananinso mathero a dzina lake. Ya .2fs ndi ext2, yomwe ilibe kaundula, ndipo moto ukaduka imafuna kufufuzidwa yonse. Ya .3fs ndi ya .4fs zili naye, ndipo zimadzikonza zokha poyatsa. Kale anthu ankasankha ext2 poopa kutopetsa flash, koma pa 13, pomwe mukusunga kamodzi pa sabata, mantha amenewo alibe maziko. Ngati yanu ndi .2fs, ndi bwino kupanga yatsopano ya ext4 tsiku lomwe muli ndi mpata. Ngati flash ndi ya FAT32, fayilo imodzi singapose 4GB, ndiye kuikulitsa kuli ndi pothera. Partition ya ext4 imalola foda yosungira m'malo mwa fayilo, ndipo foda imakula malinga ndi malo omwe alipo. Mulimonsemo, siyani pfix=fsck pa mzere woyatsira wa masiku onse, kuti Puppy iziyamba yaifufuza fayiloyo isanaitsegule.

Mukamaliza zonsezi, yesani musanazidalire. Lembani touch /root/yesero1, zimitsani n'kuyankha kuti ayi, yatsaninso: fayiloyo isapezeke. Lembani touch /root/yesero2, dinani Save, zimitsani ndi zima, yatsaninso: imeneyi ipezeke. Kachitatu, pangani /root/yesero3, siyani kompyuta ili choyaka mphindi 40, zimitsani osasunga. Mukaipeza ilipo, ndiye kuti 0 uja sanasungidwe, bwererani ku Event Manager mukalembenso n'kudina Save.